Nkhope ya Zodiwa pa Khoma la Msika

Amene analamula kuti khoma la msika alipake njereza ndine, ndipo ndayambira pomwepa kuti wina asavutike kundiloza chala. Dzina langa ndine Edgar, ndimagulitsa zitsulo za njinga ku Insaca. Chaka chimenecho ndinali wapampando wa komisau ya amalonda, kagulu kathu koyang'anira ukhondo ndi maonekedwe a msika.

Khomalo linali ndi anthu. Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, tinabwerera operewera, chifukwa ena anatsala m'manda a kumsasa wa othawa nkhondo. Zithunzi zawo tinalibe. Wothawa nkhondo amanyamula mwana ndi poto, basi. Tsono amalonda anasonkherana, bungwe lina linapereka tinta, ndiye kuti penti, ndipo anapempha a Osvaldo, amene ankalemba zikwangwani za magolosale, kuti ajambule anthu osabwererawo. Banja lililonse linkakhala nawo pansi n'kumawafotokozera kuti mphuno inali yotere, dzino ili linali loguluka. Mabanja achisilamu a kunyanja ya Chiuta anakana za nkhope, ndiye a Osvaldo anawajambulira mabwato opanda wopalasa. Lamulo linali limodzi ndipo ngakhale mwana ankalidziwa: wamoyo sajambulidwa pakhoma limenelo.

Kujambulitsa tinajambulitsa, ndi nthungululu zomwe, koma zoti khoma limafuna wolisamala palibe anaziganiza. Dzuwa linalidya, mbuzi zinkadzikandapo, otsatsa mankhwala a mphamvu ankamatapo mapepala awo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaligwira ndi manja achifundo, mayi Helena, ogulitsa matemba. Benchi lawo analiika pansi penipeni pa chithunzi cha mwana wawo Zodiwa, amene anamwalira ndi chikuku kumsasa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa uliwonse, asanayale nsomba, ankapukuta fumbi pankhope pake ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo.

Kenako tinamva kuti pa Tsiku la Mtendere kubwera mlendo wamkulu. Kwathu kuno kukamabwera mlendo wamkulu timapaka njereza chilichonse choima: mitengo kulekeza m'chiuno, miyala ya m'mbali mwa msewu, zitsa, zimbudzi. Ukaima malo amodzi nthawi yaitali nawenso akupaka. Ndisaname kuti aganyu opaka njereza sanandimvetse. Ndinaima patsogolo pa khomalo, ndinaona kusuwa kwake ndi mapepala ong'ambika aja, ndipo ndinachita manyazi kuti mlendo aziona zimenezo. Ndinawauza kuti ayeretse. Mayi Helena anali atapita ku Chiuta kukapikula nsomba.

Mlendoyo anadutsa pagalimoto, magalasi otseka, osaima n'komwe. Mlendo ndi mame, akuluakulu ananena, koma ife tinafafaniza akufa athu chifukwa cha mamewo.

Mayi Helena atabwera sanalalate. Bola akanalalata. Anatula dengu, anayang'ana khoma loyera mbee, kenako anayang'ana ine.

"A Edgar, mwana wanga mwamuika kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za komisau, za mlendo, za ukhondo. Mawu anga ankandinyansa ndekha ali mkamwa.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, masana, msika uli wodzaza. Njereza ikanyowa imaonekera mkati, zimenezi mmisiri aliyense akhoza kukuuzani. Koma kudziwa ndi kwina, kuona ndi kwina. Pakhoma loyera paja panayamba kutuluka maso, awiriawiri, kenako zipumi, kenako milomo. Akufa onse anabwera n'kumatiyang'ana ali kuseri kwa utsi woyera. Msika unangoti zii, wogulitsa nyimbo anazimitsa wailesi. Dzuwa litawala khoma linauma ndipo anthu aja anabwerera mkati. Zinachitika katatu sabata imeneyo. Ena anasamutsa mabenchi awo, ine ndinayamba kuzungulira njira ya kuchigayo popita kusitolo kwanga, chifukwa ndinkaopa. Ndinkaopa ndithu, mwamuna wamkulu wandevu.

Mantha ndi amene anandipusitsa kachiwiri. Ndinati ngati nkhope zilipo, tingochotsa njerezayo. Tinabwera ndi madzi ndi maburashi olimba, tinakwecha ndi mtima wonse. Tinta wazaka makumi atatu anasendeka pamodzi ndi njereza ngati khungu la mbatata yophika. Pa Zodiwa panatsala diresi lachikasu ndi timiyendo, koma pankhope panangokhala simenti.

Komisau inakhala katatu, monga mwa nthawi zonse, kuti igwirizane chinthu chimene aliyense anachidziwa kale: tiitanenso a Osvaldo. Anabwera atakalamba, magalasi omangidwa ndi ulusi, koma dzanja likadali lawo. Mabanja anabweranso kudzafotokoza, ndipo nkhope zinayamba kubwerera imodziimodzi. Tsiku la Zodiwa, mayi Helena anakhala pakreti pambali pa makwerero. Ine ndinagwirizira makwererowo, poti ndinalibe china chowapatsa.

"Maso anali aakulu," anatero mayiwo. "Masaya odzaza. Akaseka, apa pankalowa kadzenje."

A Osvaldo anajambula, anafunsa, anakonza. Zinatenga m'mawa wonse. Atatsika kuti tione bwino, nkhopeyo inali yokongola, yamoyo, ngati ikufuna kuyankhula. Amayi ogulitsa tomato anayamba kunong'onezana, ndipo mayi Olinda, amene pakamwa pawo palibe chitseko, ananena mokweza.

"Koma uyu si Jéssica?"

Jéssica ndi mdzukulu wa mayi Helena, mwana wa mwana wawo wamwamuna. Nthawi imeneyo anali kusukulu, wamoyo, ali m'kalasi yachiwiri. Ndinayang'ananso. Anali iyeyo, ndi kadzenje komwe, ataima pakati pa akufa.

"Fufutani!" anakuwa mayi Helena. "Fufutani msanga asanaweruke! Mukufuna akufa amuitane?"

A Osvaldo anakwera mwachangu n'kupukuta tinta wamuwisiyo ndi chiguduli.

"Amayi, ine ndajambula zimene mwandiuza."

"Ndikudziwa, bambo." Mayi Helena anakhala pansi pakreti paja. "Zaka zonsezi ndinkati ndikumukumbukira. Kani ndinkangoyang'ana khoma. Khoma ndi limene linkakumbukira, ine ndinalisiyira ntchitoyo kalekale. Pano ndikatseka maso kukubwera wamoyoyu."

Ine, chitsiru cha komisau, ndinati mwina pamalopo tijambulepo duwa. Mayi Helena anandiyang'ana kamodzi ndipo ndinatseka pakamwa.

Kenako anayankhula, koma osayang'ana aliyense.

"Nkhongo yake ndikuidziwa. Pothawa paja anayenda patsogolo panga masiku atatu, ine kumbuyo ndi katundu pamutu. Ndinkangoyang'ana pamenepo kuti asasowe m'udzu." Anakweza dzanja n'kumajambula m'malere. "Tsitsi ndinamuluka ndekha, mizere itatu, wapakati wokhota chifukwa sankakhazikika. Khutu lakumanzere linali lotulukira kunja. Pakhosi apa panali kachipsera ka phala lotentha. Mujambule atatembenuka."

"Onsewa akuyang'ana kumsika, amayi," anatero a Osvaldo mofatsa. "Iye yekha apatse anthu msana?"

"Jambulani chimene ndili nacho."

Anajambula. Anatembenuza timapazi, anasuntha mabatani a diresi kuti abwere kumsana, analemba mizere itatu ya tsitsi, wapakati wokhota. Ulendo uno mayi Helena sanakayike pena paliponse, ankawakonza ngati munthu amene akuona chinthucho patsogolo pake. Dzuwa litapendeka a Osvaldo anatsika, ndipo pakati pa nkhope zonse zija panaima kamwana kamodzi kakulowera mkati mwa khoma.

Mayi Helena anaimirira. Anayandikira mpaka mpweya wawo unkafika pa tinta.

"Ndi yemweyu," anatero. "Ameneyu ndiye wanga."

Kenako anaitana, ndi mawu wamba, ngati mmene mayi amaitanira mwana amene watsogola kwambiri panjira.

"Zodiwa. Iwe Zodiwa, tatembenuka ndikuone."

Anadikira. Ndipo msika wonse, ndi ine ndemwe, tinadikira nawo.