Fodya wa M'chitini Chobiriwira

A Mphuno anali okonza mawotchi, koma dzina lawoli analipeza chifukwa cha fodya. Ali mnyamata, munthu akangoyatsa kaliwo tsidya lina la msewu, iwo ankatchula mtundu wa fodya amene akusutayo asanaone n'komwe nkhope yake. Fodya watsopano akafika m'sitolo, woyamba kumulawa ankakhala iwowo. Zitini zake ankazindandalika pamwamba pa tebulo lawo la ntchito, n'kumasungiramo timasikuluwu ndi timagalasi ta mawotchi.

Zimenezo zinali kale. Atakumana ndi fodya wa m'chitini chobiriwira, kufunafuna konse kunathera pomwepo. Zaka khumi ndi zinayi anasuta yekhayo, m'kaliwo mmodzi wokukutika kukamwa.

Sitolo ya fodya ya mumsewu mwawo inali ya mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. Mayiyu ankagulitsa wa m'zitini komanso ankasakaniza wakewake m'kachipinda ka kumbuyo.

"Alamu, tangonunkhizani uyu," ankatero mayiyo akutsegula botolo.

"Wanga uja alipo?"

"Alipo. Koma mphuno yanuyi inapuma pantchito kodi?"

"Ntchito yake inaimaliza."

Lolemba lina a Mphuno atalowa m'sitolomo anapeza pamalo pa zitini zobiriwira pali mbee.

"Kampani yake yatseka," anatero mlamu wawo. "Chitini munatenga mwezi watha chija chinali chomaliza."

Tsiku limenelo ntchito sinayende. Kasikuluwu kamodzi anakagwetsa katatu, ndipo wotchi ya kasitomala wina anaitseka ataiwala kuikamo muvi wa mphindi. Sabata yonse ankangotapa fodya wotsala uja pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso. Lachisanu, mlamu wawo anasuzumira pakhomo pa shopu yawo.

"Masamba ndili nawo kumbuyo kuja. Inu mukudziwa kakomedwe kake, ine ndikudziwa kusakaniza. Mawa masana mubwere, timupange tokha."

A Mphuno anapita monyinyirika. Anatengana ndi mnzawo telala, amene ankasoka pakhonde loyandikana ndi shopu yawo ndipo naye ankasuta kaliwo. Kachipindako kanali kopanikiza, ka zenera limodzi. Munali thabwa lodulirapo, mpeni, kasikelo ndi mabotolo akuluakulu agalasi. Mlamu wawo anatsegula atatu: la masamba achikasu otsekemera, la masamba akuda ofukizidwa ndi utsi, ndi la ofiirira ouma ndi mphepo chabe. Anatapa apa ndi apo, n'kufikisa pathabwa, n'kuwapatsa.

A Mphuno anayatsa, nakoka kawiri.

"Uyu ndi chiguduli chopserera."

"Chavuta n'chiyani?"

"Wakudayo wachuluka. Chotsani theka."

Wachiwiri anali wozizira ngati madzi. Wachitatu anatsokomoletsa telala mpaka misozi, munthu n'kuthawira pazenera. A Mphuno anaseka chikhakhali, ndipo mlamu wawo anawayang'ana modabwa, chifukwa sabata yonseyo mano awo anali asanaoneke.

Pofika wachinayi a Mphuno anali atavula jekete. Anasuntha mayiyo pathabwa paja n'kuyamba kutsegula okha mabotolo, limodzilimodzi, mphuno ili m'kati, maso atatsinzina. Zinthu zimene ankaganiza kuti anaziiwala zinayamba kubwera zokha. Ili likumveka mphesa zouma. Ili likumveka chikopa chatsopano. Ili lakhala padzuwa nthawi yaitali.

"Nanga ilo lili pamwambalo?"

"Limenelo ndinaliiwala. Ndi masamba ofinyidwa, akhala chaka chathunthu."

"Tsitsani, alamu, tsitsani msanga."

Atakoka wachisanu anakwinya nkhope n'kuyang'ana kaliwo wawo.

"Vuto ndi uyu. Akusunga fungo la anzake aja, ndiye akundinamiza. Musakhudze chilichonse, ndikubwera."

Anatuluka opanda jekete. Anadutsa pa okonza njinga, nakhotera pa malo ometera, ali pa liwiro la mtondo wadooka. Anthu amene ankawadziwa monga bambo woyenda mowerenga mapazi anaima n'kumawayang'ana. Kunyumba anapeza akazi awo akusita zovala.

"Kwagwanji, bambo? Mng'ono wanga ali bwino?"

"Ali bwino. Bokosi la akaliwo anga lija lili kuti?"

"Lomwe munati ndikataye lija?"

Akazi awo anaimika simbi.

"Pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi. Ndinadziwa kuti mudzalifuna."

Anabwerera ndi akaliwo asanu m'matumba a thalauza, ali wefuwefu, mtima uli dyokodyoko. Anawapukuta fumbi ndi malaya awo omwe n'kuwandandalika pathabwa. Tsopano ntchito inayenda. Iwo ankalamula, mlamu wawo ankayeza pa kasikelo n'kumalemba papepala, telala ankayatsa machesi ndi kutsutsa. Utsi unadzaza kachipindako mpaka anatsegula chitseko cha kuseri.

Wachisanu ndi chiwiri anayandikira kwambiri wa chitini chobiriwira uja.

"Ndi yemweyu," anatero telala. "Tiyeni tisiyire pomwepa. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Dikirani kaye, achimwene. Alamu, onjezerani ofinyidwa aja pang'ono, achikasuwo muchepetse."

"Tikatero tichoka pa wanu uja."

"Onjezerani."

Wachisanu ndi chinayi a Mphuno anamukoka kamodzi. Anakhala pakampando, nakokanso, utsi n'kumautulutsa pang'onopang'ono. Fodyayo ankayamba motsekemera, kenako n'kubwera kakuwawa kofatsa kumbuyo kwa lilime. Telala analawako.

"Ndi wabwino, koma si uja ayi."

"Ndikudziwa kuti si uja," anatero a Mphuno, maso akuwala. "Alamu, mwalemba? Werengani ndimve, mungalakwitse."

Mayiyo anawerenga kawiri konse. Anasakaniza wodzaza botolo lalikulu, ndipo anavomerezana kuti akhale milungu iwiri kuti masambawo azolowerane. Milungu imeneyo a Mphuno ankapita m'mawa uliwonse kukalitsegula ndi kununkhiza, mpaka mlamu wawo anawaopseza kuti alibisa.

Tsiku loliika pashelefu, iwo anatseka shopu yawo masana n'kukaima m'sitolomo. Ankafuna kuona nkhope za anthu. Woyamba kulowa anali mphunzitsi wopuma ntchito, mnzawo wakalekale amene ankalawa naye fodya ali anyamata.

"Aphunzitsi, tangonunkhizani uyu. Tapanga tokha kumbuyoku."

"Zikomo, koma ine wanga ndi wa chitini chofiira."

"Kununkhiza kokha."

"Ndinalawa zambiri, achimwene. Pano ndikaweruka kumunda wanga wa maluwa ndimafuna kukhala pansi osaganiza za fodya."

Wachiwiri anakananso. Wachitatu sanayang'ane n'komwe botololo. A Mphuno anatembenukira kwa mlamu wawo, thukuta lili kamukamu.

"Anthu awa ndi ouma mitu bwanji?"

Mayiyo anagwira pakamwa kuti asaseke, koma zinakanika.

Chakumadzulo kunabwera dalaivala wa basi, bambo wa ndevu zaimvi. A Mphuno sanamufunsenso. Anamulanda kaliwo m'manja, namugogoda pachikhatho, namudzaza okha n'kumuyatsira. Dalaivalayo anakoka katatu, a Mphuno atamuyang'anitsitsa pakamwa.

"Si woipa," anatero bamboyo. Anakokanso. "Ayi ndithu, si woipa. Mayi, ndipatseni wanga wa masiku onse uja."

Mlamu wawo anamupatsa chitini chake. Koma a Mphuno anali atakulunga kale kafodya kawo papepala, ndipo anamutsatira mpaka panja n'kumulowetsera m'thumba la malaya.

"Mukasute mawa m'mawa, kaliwo ali woyera, musanamwe tiyi. Lachitatu mudzandiuze."

Dalaivalayo anagwedeza mutu akuseka n'kuwoloka msewu. A Mphuno anabwerera m'sitolomo akutikita manja, nafunsa mlamu wawo ngati masamba ofinyidwa aja atsalako, chifukwa m'mutu mwawo munali mutabwera kale maganizo ena.