Timabotolo ta Pawindo

Ntchito yanga si yovuta kuifotokoza, koma kuimva anthu amakanika. Ku labotale timafinya zomata za m'makoko a malalanje n'kukutira nazo insulini, mankhwala a matenda a shuga aja, kuti asamawonongeke ndi kutentha. Kuti tidziwe ngati zatheka, timabotolo toyeserato tiyenera kukhala pamalo otentha milungu ingapo, osalawako firiji ngakhale pang'ono.

Ulendo woyamba amene analowetsa timabotoloto mufiriji ndi mnzanga wa tebulo loyandikana nalo. Wachiwiri anali apulofesa enieniwo, eni ake a kafukufuku. "Pepa mwanawe, dzanja linangopita lokha," anatero. Mtima unandiwira. Anthu ophunzira amenewa akaona kabotolo pawindo amachita ngati aona khanda pamsewu.

Ndinayambiranso, koma ulendo uno ndinapita nato kunyumba n'kukatindandalika pawindo la kuchipinda kwanga. Amayi ndinawauza kawiri, pang'onopang'ono: "Izi si zobaya ayi, n'zoyesera. Zisiyeni zipse ndi dzuwa." Anagwedeza mutu. Ndinkalimbikira chonchi chifukwa cha abambo, amene insulini yawo imawonongeka magetsi akangozima nthawi yaitali.

Loweruka lina magetsi anazima m'mamawa, ndipo pofika masana dzuwa linali likuswa mtengo. Pobwera kumsika ndinapeza pawindo palibe kanthu.

"Amayi! Timabotolo tanga tili kuti?"

"Usakuwe, abambo ako akupumula. Ndakusungira."

Anatsegula kabokosi kozizira komwe timasungamo mankhwala a abambo magetsi akavuta. Timabotolo tanga tonse tinali mmenemo, titaunjikana pa ayisi womaliza m'nyumba monse.

"Ndinati chiyani ine? Mwandibwezera poyambira! Kachitatu kameneka!"

"Tinatentha moti sukanatigwira, mwanangu. Iwe wawonda nato timeneti, ndiye ine ndizingoyang'ana tikupsa?"

Ndinakhala pansi n'kugwira mutu, ndikufuna kulira ndi ukali. Kukalipira pulofesa n'kosavuta kusiyana ndi kukalipira mayi wako akuyembekezera kuti umuthokoze. Kenako ndinayang'ananso m'kabokosimo.

"Nanga insulini ya abambo ili kuti?"

Analoza pa shelefu. Kabotolo ka abambo kanali kokha pamenepo, ndipo nditakagwira kanali kofunda.

"Malo anachepa," anatero amayi. "Ya abambo ako tikapempha ina kuchipatala. Zakozi kulibe kwina kokazitenga."