Tiyi wa M'chitini

Narelle anaimika galimoto pafamu fumbi lili koboo. Anawapeza bambo ake, a Clarrie Dunstan, atakhala pachitsa kuseri kwa shedi yometeramo nkhosa, akuwiritsa tiyi m'chitini chakuda bii. Galu wawo, Tess, anali atagona pamapazi awo.

"Ababa! Kachitatu aka sabata ino. Ulendo wonse wochokera kutauni ku Griffith mtima uli m'mwamba, ndimvekere mwagwa!"

Boma linkagawira okalamba tizipangizo toti azikhalabe pakhomo pawo. Kwa a Clarrie anamata kamodzi pa ketulo yamagetsi. Ketuloyo ikapanda kuyatsidwa pofika naini koloko m'mawa, foni ya Narelle inkalira.

"Tiyi wa m'ketulo ija amanunkha pulasitiki," anatero a Clarrie akusonkheza moto. "Zaka makumi asanu ndameta nkhosa ndikumwa wa m'chitini. Ndisiye lero chifukwa boma lagula belu?"

Narelle sanaseke. Anatulutsa fomu ya kunyumba yosungirako okalamba n'kuiika pabondo pawo. Malo analipo amodzi, yankho linkafunika pofika Lachisanu, ndipo agalu kumeneko sankaloledwa. A Clarrie anawerenga mpaka m'munsi.

Masana kunabwera mayi Kostas a kuboma, amene anamata kachipangizoko. Narelle ndiye anawaitana kuti adzakachotse. Iwo anamvetsera mbali zonse, kenako anafunsa:

"Bambo, n'chiyani chimene simulephera kuchita m'mawa uliwonse?"

"Kudandaula," Narelle anayankha msanga.

"Iwe, khala chete. Umenewo ndi mtundu wa mayi ako." Nkhalambayo inaganiza pang'ono, n'kuloza mgolo wa chakudya cha galu pakhonde. "Ine ndikhoza kuiwala kudya, koma uyu sangandilole kuiwala zake. Kukangocha ali kale pachitseko. Galu wamkota sakandira pachabe."

Mayi Kostas anamatula kachipangizo pa ketulo n'kukamata pa chivundikiro cha mgolowo.

"Tinalakwitsa ndife," anatero. "Tinakufunsani ngati muli ndi ketulo. Sitinakufunseni ngati mumaigwiritsa ntchito."

"Nanga tsiku limene adzagwe atadyetsa kale galu?" anafunsa Narelle.

"Mudzadziwa mochedwa. Sindikunamizani. Kachipangizoka si mwana wawo."

Narelle anayang'ana bambo ake, akuthira tiyi m'makapu atatu osataya ngakhale dontho.

"Ndizikuimbirani madzulo alionse. Mukapanda kuyankha kawiri, ndikubwera ndi fomuyi."

"Uziimba nkhani za pawailesi zitatha."

Lachisanu m'mawa naini koloko inakwana foni ili zii. Narelle anaimbira kunyumba ya okalamba kuti malo aja apatse wina. Fomuyo sanaing'ambe. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'kabati, pansi pa mabuku a maphikidwe amene mayi ake anasiya.