Adara Wachiwiri

Mu 1996 Pasika wa Ayuda anagwa pa 4 Epulo, ndiye anti Mathilda anangoti basi, tsiku lake ndi limenelo chaka chilichonse, ngati Khirisimasi. Iwo ankasamalira agogo Rivka, mayi wachiyuda wa ku Thornhill, kuno kutsidya kwa nyanja, kuwasambitsa, kuwadyetsa, zonse. Tchuthi chinali chimodzi pachaka, masabata awiri a Pasika, ana a agogowo akabwera kudzakhala nawo.

Ndiye mu Febuluwale 1997 achimwene awo a Laban anaimba foni kuchokera ku Dedza kuti amayi agonekedwa m'chipatala, chakudya akukana. Anti, osafunsa n'komwe munthu, anangoti, "Auzeni alimbe mtima, Epulo akangoyamba ndafika."

Pakati pa Malichi anadabwa kuti nyumba ili zii. Chaka chathacho nthawi ngati iyi anali atakolopa kale mpaka kuseri kwa firiji, kusaka nyenyeswa za buledi.

"Agogo, chaka chino sitiyeretsa? Pasikatu wayandikira."

"Wayandikira kuti, mwana wanga? Tangolowa kumene Adara wachiwiri."

"Wachiwiri? Mwezi umabwera kawiri?"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti miyezi yawo imatsatira mwezi wakumwambawu, ndiye chaka chimaperewera ndi masiku khumi ndi limodzi. Asilamu amangozisiya choncho, n'chifukwa chake Ramadani amayendayenda. Koma Pasika ayenera kugwa chisanu chitatha, ndiye pakapita zaka ziwiri kapena zitatu amawonjezera mwezi wathunthu.

"Inu mumawonjezera katsiku kamodzi mu Febuluwale, kuumira! Nisani, mwezi wa Pasika, sunafike. Pasika ndi pa 22 Epulo."

Anti anapita pafoni. Anaimbira a Joan, mwana wa agogowo, ku Vancouver. A Joan anapepesa bwinobwino, koma anati sangabwere msanga, ndipo anti akachoka iwo asanabwere, adzalemba munthu wina ntchitoyo. Pamenepo n'kuti kutatsala miyezi inayi yokha kuti anti akwanitse zaka ziwiri za ntchito, apeze mapepala oitanira ana awo awiri kuno.

Anaimbanso ku Dedza.

"Amayitu akuwerenga masiku ndi zala," anatero a Laban. "Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni pa 22."

A Laban anayankha, foni ikungolira phokoso.

"Achemwali, adokotala akuti ngakhale pa 4 paja m'patali."

Anti anaika foni pansi. Kuchipinda agogo anali akuitana, akuti tiyi wazizira.