Foni ya Apongozi

Chaka cha chilala chija magetsi ku Chelstone ankangobwera ngati mlendo, ndiye Emmy anafukula foni yakale m'kabati kuti aziunikira ndi tochi yake. Inali ya apongozi ake a ku Katete. Mwamuna wake Phineas anabwera nayo kuti akaikonzetse galasi m'tauni, n'kuiwala.

Atangoitchaja ku ntchito, foni inalira. Munalowa ndalama, ndipo uthengawo unali ndi dzina lake lenileni, Emmy. Sabata yomweyo ku tchalitchi anali pa kusala, ndipo abusa anali atanena kuti wina alandira kuchokera kumene sakuyembekezera. Emmy, munthu wowerenga chilichonse kawiri mu ofesi, sanafunse kalikonse. Anakatapa zonse n'kukapereka kuti mpingo ugule jenereta. Lamlungu anachitira umboni akulira, azimayi akululutira.

Patapita masabata angapo apongozi anatsika basi ndi thumba lopanda kanthu, iwo amene sankabwera opanda mtedza ndi maungu.

"Amai, simunatiuze kuti mubwela," anatero Emmy akugwada.

"Nikuuzeni na ciani? Foni muli nayo ndimwe." Anamwa madzi. "Anzanga onse analandila ndalama za cilala, agula kale mbeu na feteleza. Ine a boma akuti zanga zinapita ku nambala ija."

Emmy anakhala pansi pomwepo. Anakumbukira: chitupa cha apongozi chitatayika, simu ya m'foniyo anawagulira ndi iyeyo, pa chitupa chake.

Phineas anamva nkhani yonse atagwira pakamwa. "Iwe Emmy, sunaone kwamene zacokela?"

"Panali tumalemba cabe. Ninaganiza kuti..."

"Kuti kumwamba bali na mobile money?" Anatembenukira kwa mayi ake. "Amai, mwezi ukasila tizabweza."

"Mvula imadziwa tsiku la malipilo ako? Kwathu mitambo yayamba kale." Mayiwo anapinda thumba lawo. "Mukanipeleke ku chalichi kwanuko."

Lamlungu apongozi anakhala kutsogolo, duku lili pamutu, manja pamiyendo monga amakhalira ku tchalitchi cha Reformed kwawo. Panja jenereta inkalira, zoimbira zili pamwamba. Abusa atafunsa ngati pali wa umboni, Emmy anaona apongozi akudzuka.

"Ine ndine mlimi," anayamba, chokuzira mawu atachigwira ngati mpini. "Cimanga canga cinauma cili m'maondo. Boma linati tipukute misozi ya nkhalambayi."

"Ameni!" unayankha mpingo.

"Misoziyo ndiye iyo ikulila panjapo."

Ameni wachiwiri anafera m'kamwa. Woimba kiyibodi anachotsa zala.

"Sindinabwele kudzakangana na Mulungu. Nifuna cabe anyamata awili amphamvu. Ku Katete kuli wa cigayo adzagula."

Anatsika n'kutuluka. Anthu onse anamva jenereta ikutsokomola, kenako zii. Mafani anaima. Mitu yonse inatembenukira kwa Emmy, amene umboni wake unali usanaiwalike.

Palibe mnyamata anadzuka. Abusa ankayang'ana Baibulo lawo ngati akuliona koyamba. Emmy anavula nsapato zake zazitali, nazipatsira Phineas, n'kudutsa pakati pa mipando.

Panja apongozi anali atagwira kale chogwirira chimodzi cha jenereta.

"Gwila uko, mwana wanga," anatero. "Samala, ikali yotentha."