Kaseti ya a Solomoni

Patatha chaka a Solomoni ali m'manda, mayi Magdalena anazindikira chinthu chimene chinawaopsa: mawu a amuna awo anali atayamba kuwathawa m'mutu. Nkhope ankaikumbukira, ngakhale jekete lija long'ambika m'khwapa, koma mawu, toto. Tangoganizani, munthu amene Msakambewa yense ankamudziwira pa mawu.

A Solomoni anali mlaliki zaka khumi ndi ziwiri. Koma chaka chija cha mavoti a matipate, anyamata othawa nkhondo a ku Dzaleka atabwera kudzasewera mpira ndi akuno, wina anawapatsa chimkuzamawu kuti angolonjera alendo. Basitu, mpamene zinayambira. Anaulutsa mpira wonse, anthu mpaka kukwera m'mitengo, ndipo kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse masana ankapezeka pabwalo. Akuluampingo anawauza kuti asankhe chimodzi, guwa kapena mpira. Iwo anangoti, "Nkhosa zanga zili kubwalo, ndizitsata komweko." Anawachotsa paulaliki.

A Magdalena zinawapweteka, ndipo mayi amenewa akakwiya sachita zamasewera. Dzulodzuloli anali amayi a kwa mlaliki, lero ana, amene anapatsa a Solomoni dzina loti Chigoli, azikawaloza kuti akazi a Chigoli aja? M'nyumba analetseratu kutchula za mpira. Bwalo linali kumunsi kwa nyumba yawo, moti chimkuzamawu chinkafika mpaka pakhonde, ndiye amuna awo akangotsetsereka, iwo ankamanga mpango n'kupita kuseri kwa phiri kwa achemwali awo, n'kubwerako mpira uli pafupi kutha kuti amuna awo asadziwe. Zaka ziwiri anachita zimenezi. Kenako chifuwa chinawatenga a Solomoni, mkwiyo uja usanaphwe.

Mwana wawo Tabita ndiye anawauza kuti a Husseni a sitolo ankajambula masewerowo pa kaseti kuti aziwamvetsera ndi ogula. A Magdalena anachita manyazi masiku atatu, lachinayi anapita.

"Amayi, makaseti aja ana anajambulapo nyimbo," anatero a Husseni. "Yatsala imodzi yokha, koma wailesi yangayi imatafuna tepi. Ikaidula ndiye kuti zathera pomwepo."

"Ikani, bambo. Ndingowamva kamodzi."

A Husseni anakunga tepiyo ndi bolopeni, anaipemerera, n'kuiika. Kunamveka phokoso la anthu, malikhweru, kenako eni ake.

"Wautenga Isake, mwana wa lonjezano! Wadutsa pakati ngati pa Nyanja Yofiira, otchinga kumbuyo onse amira!"

A Magdalena anagwira kauntala. Anaseka osafuna, misozi ili mbwembwembwe. Kodi munthuyu anasiya liti kulalika?

Itakwana nthawi yopuma, mawu aja anatsika, anakhala aja a m'nyumba, aja opempha madzi osamba.

"Amake Tabita, ngati mukundimva pakhondepo, mvula ikubwera kuchokera ku Ntchisi, anulani ufa uja. Mukatha mutsike kuno, mpando wanu ndakusungirani."

Anthu a m'kasetimo anaseka, wina mpaka kuimba nthungululu.

"Ankatero mpira uliwonse," anatero a Husseni motsitsa mawu. "Lero za ufa, mawa za mbuzi, koma za mpando sankaiwala. Palibe ankaukhalira mpandowo. Ife timati mumamva, kungoti mukunyada. Nanga ndani akanayerekeza kukufunsani?"

Tsikulo a Magdalena analikumbukira bwino. Ufa unanyowadi, mphasa yonse, ndipo a Solomoni atafika, a Magdalena anawakalipira kuti akanakhala pakhomo ngati amuna anzawo sizikanachitika. A Solomoni anangovula nsapato n'kuyamba kuthandiza kuwola ufawo.

M'kasetimo wenzulo inalira kuti mpira uyambenso. A Solomoni anakoka mpweya, anati, "Abale anga okondedwa," pomwepo mawu anapindika, wailesi inakhosomola, zii. A Husseni anatsegula msanga, koma tepi inali italowa m'makina, yopotana, yoduka pawiri.

"Pepani, amayi. Ndiyesa kulumikiza, kapena..."

A Magdalena sanawamve. Anakonza mpango wawo, anawerama pafupi ndi wailesiyo monga ankachitira popereka madzi kwa amuna awo.

"Ndamvatu, abambo ake Tabita," anatero. "Ndamva. Kungoti ndachedwa."