Kupepesa kwa Mkamwini wa ku Wallis

Noeline anali akusankha mapapaya pamsika wa Wé pamene mayi wogulitsa anamugwira dzanja n'kumuyang'anitsitsa. Chipewa chachikulu ndi magalasi akuda sizinathandize kanthu. Pachilumba chathu cha Lifou munthu amadziwika ndi mphuno ya mayi ake.

"Si iwe mwana wa malemu Waisa? Ukugona kuhotela ngati mlendo, amalume ako ali pafupi pompa?"

Noeline analipira mapapaya, nabwerera kumene mwamuna wake Lutoviko ankamudikira. Anali atamanga banja Loweruka lapitalo ku ofesi ya boma mumzinda wa Nouméa, ndipo anzawo a kuntchito anawagulira ulendo wa masiku awiri kuno, osadziwa kuti akutumiza mkwatibwi kumene ankathawa. Malume Hnawia sanauzidwe za ukwatiwo. Chimwalirireni mayi ake, Noeline anali asanapondeko kumudzi, ndipo manyazi ankakula chaka ndi chaka mpaka anaopa n'kuimba foni komwe.

Kwathu kuno si nkhani yaing'ono imeneyi. Mlongo wa mayi ako ndiye amakuuzira mpweya m'khutu ukangobadwa, ndipo ndiye amadzalandira thupi lako ukamwalira. Akakufulatira, ulibenso kwanu.

Noeline ankafuna akadzitsekere kuhotela mpaka sitima yapamadzi yobwerera ya 3 koloko. Lutoviko anakana. Anali munthu wa ku Wallis, chilumba china chakutali, wamkulu ngati chitseko, wosachedwa kuseka koma wamakani.

"Ine sindinabe mkazi," anatero. "Tikupita lero lomwe. Akandithamangitsa, andithamangitse atandiona nkhope."

Anagula nsalu yamaluwa ndi fodya, napinda ndalama ya pepala m'nsalumo monga mwa mwambo. Lutoviko anawonjezapo muzu wa kava, wopangira chakumwa cha pamwambo, umene bambo ake anamuikira m'chikwama, poti kwawo munthu sapepesa wopanda muzuwo.

Anafika dzuwa litangopendeka. Mayi Sera, akazi a malume, anangoti kukamwa pululu atawaona, kenako anawalozera nyumba yozungulira ya udzu. Lutoviko analowa chokwawa pakhomo lalifupilo. Malume Hnawia anali atakhala pafupi ndi mzati wapakati, akusoka ukonde, ndipo sanadzutse mutu.

Lutoviko anaika mphatso zija pamkeka bwinobwino. Kenako anachita zimene anaphunzira ali mwana: anakhala pansi, napinda miyendo, naweramitsa mutu, n'kukhala duu. Kwawo wolakwa salankhula mpaka wolakwiridwa atatsegula pakamwa. Koma kwathu kuno nsalu ndi fodya n'zongoperekeza mawu. Mlendo amaimirira, n'kunena dzina lake, kumene wachokera ndi chimene wadzera. Akatha, mwini nyumba amagwira mphatsoyo ndi dzanja, ndipo pamenepo nkhani yalandiridwa.

Ndiye amuna awiriwo anayamba kudikirana, aliyense akuganiza kuti mnzakeyo ndi wamwano. Malume ankasoka ukonde wawo. Thukuta linkayenderera m'khosi mwa Lutoviko, nyerere zikumukwera m'miyendo, koma sanagwedezeke. Noeline anakhala kumbuyo kwake. Anachoka pachilumba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo akabwera kudzacheza miyambo ankaionera patali, ali kukhitchini ndi azimayi. Iye ankangoona chinthu chimodzi, kuti dzanja la malume silikupita pansalu.

Patatha ola lathunthu Mayi Sera anakodola Noeline kuti atuluke.

"Kodi mwamuna wakoyu ndi bubu? Kapena wabwera kudzafungatira mazira pamkeka wanga?"

"Akupepesa, amayi. Ndi mmene amachitira kwawo."

"Kwawo n'kwawo. Kamuuze aimirire alankhule. Amalume ako sanagone chimvereni kuti uli pahotela, koma sangayambe ndi iwo. Ndawadziwa zaka makumi anayi, akhoza kusoka ukondewo mpaka Khirisimasi."

Noeline anayang'ana wotchi. Inali itangodutsa 2 koloko, ndipo kudoko kunali kotalikirapo. Analowanso n'kunong'oneza mwamuna wake. Lutoviko anatong'ola maso, chifukwa kwawo kuimirira pamaso pa wamkulu amene wakhala pansi n'chipongwe chachikulu. Komabe anadzuka. Miyendo inali itachita dzanzi, moti anadzandira n'kugunda mutu ku denga, udzu n'kugwera pa ukonde wa malume.

Sanali katswiri wa mawu. Ananena dzina lake, la bambo ake ndi la mudzi wawo. Anati anakwatira mwana wa m'nyumba muno osadzera pakhomo, ndipo kulakwako n'kwake, chifukwa mwamuna ndiye anayenera kufunsa njira.

"Sindinabwere kudzapempha kuti mundikonde, bambo," anamaliza. "Koma uyu musamutaye. Amalira usiku akatchula mayi ake, ndipo ine ndilibe chomuuza, poti sindinawaone. Inu ndinu mwatsala."

Malume anaika singano pansi. Anaimirira pang'onopang'ono n'kuyamba kuyankha, ndipo yankho la kwathu silithamanga. Anatchula makolo a Noeline mmodzimmodzi, minda yawo ya zilazi ndi kumene anaikidwa. Ananena za maliro a mlongo wawo, ndi zaka zisanu ndi ziwiri zimene ankamva za Noeline kwa anthu otsika sitima. Sanabise kuti zinawapweteka. Nsalu ija inali idakali pomwepo, yosakhudzidwa.

Nthawi ya sitima inakwana akulankhulabe. Noeline anagwira malaya a mwamuna wake, poti Lolemba m'mawa onse awiri ankayembekezeka kuntchito. Lutoviko sanacheuke n'komwe. Anachotsa dzanja la mkazi wake pamalayawo, naligwira mwamphamvu, n'kuima pomwepo.

Malume anaziona zimenezo. Anasiya kulankhula, nayang'ana mkamwiniyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu kumene kunali udzu. Kenako anawerama, nasanjika chikhatho chawo pansalu, pafodya, ndi pamuzu wa kava womwe, ngakhale anauyang'ana mokayikira.

"Wanyë," anaitana.

Linali dzina la kumudzi la Noeline, limene malumewo anamupatsa tsiku lobadwa. Panalibe anamuitanapo choncho chimwalirireni mayi ake. Misozi inayenderera m'masaya mwake.

"Pita ndi mwamuna wakoyu mukatenge katundu kuhotela," anatero Malume Hnawia. "Mwana wa mlongo wanga sagona malo olipira pa nthaka ya mayi ake."